KHOLA LA NKHUKU LIYAMBE, NYUMBA PAMBUYO

Miyezi ya June ndi July ndiyo nthawi imene alimi ambiri a ku Chipata, Katete ndi Petauke amaumba njerwa ndi kumweta udzu womangira nyumba pa munda watsopano. Ndiyonso nyengo ya cisanu, pamene mphepo ya mwera imaomba usiku wonse. Pakutanganidwa ndi nchito yomanga, nkhuku zimaiwalika, nizigona m'mitengo.

Nkhuku yaikulu imapirira cisanu cifukwa ca nthenga zace, koma anapiye sangathe kudzifunditsa okha kufikira atamera nthenga, patapita masabata 4 kapena 6. Mphepo ikawaomba amaunjikana pamodzi, ndipo apansi amafa.

Cotero mlimi ayambe wamanga khola asanaike njerwa yoyamba ya nyumba. Khomo lace lipenye kumpoto kapena kumadzulo, ndipo khoma la kumene kucokera mphepo limatidwe bwino ndi dothi. Koma asatseke ponse. Asiye mpata kunsi kwa denga, pakuti khola lopanda mpweya limadwalitsa nkhuku cimfine. Pansi ayale udzu wouma. Kusonkha moto m'khola la udzu nkudziputira tsoka.

Coopsa cina, cimene ambiri saciganizira, ndico dzenje lopondera dothi la njerwa. Anapiye ofuna madzi amagweramo, ndipo akanyowa pa cisanu sacedwa kufa. Mai wa pakhomo awaikire madzi m'phale losazama, kutali ndi dzenjelo, ndi kuwapatsa gaga ndi ciswe dzuwa lisanalowe, kuti agone okhuta.

Nkhuku zogulidwa kwa anansi atsopano zisungidwe pazokha masabata 2, kuopa citopa. Za katemera wace afunse kwa mlangizi wa ziweto.