Mfuti yosakira agwape kunja kuno: musathamangire magnum

Agogo anga aamuna, kwathu kuseri kwa phiri la Chiradzulu, anali ndi gogodela yomwe inkakhala kudenga, yokulungidwa m'chiguduli chonunkha utsi. Ine ndinaipeza itapuma kale, chifukwa pomwe ndinkazindikira n'kuti minda itakwera mpaka m'tsinde mwa phiri, ndipo nyama yomwe anafe tinkasaka inali mbewa basi. Komabe nkhalambayo sinkatopa kufotokoza momwe inkathirira wonga kukamwa kwa mpope, kutsendera ndi kansanza, kenako tizidutswa ta chitsulo. Mfuti yoteroyo inkalira kamodzi. Ukaphonya, gwape wapita. Choncho luso lonse linali pa kunyang'ama mpaka kufika pafupi, mphepo ikukuomba kumaso.

Ndakumbuka zimenezi chifukwa anzathu angapo kuno ku Scotland, ena ku America, ayamba kupita kosaka ndi anzawo akuntchito, ndipo funso lofika pa WhatsApp ndi limodzimodzi: achimwene, ndigule .308 kapena .300 Winchester Magnum? Ngati mukufuna agwape akunowa, gulani ya zipolopolo wamba. Chifukwa chake ndichi.

Ziwirizi chipolopolo chake n'chonenepa mofanana. Kusiyana kuli pa chigoba cham'mbuyo chosunga wonga: cha magnum n'chachikulu, chimamwa wonga wa .308 kuwonjezapo wopitirira theka lina. Chipolopolo cholemera ma grain 180 chimatuluka mu .308 pa liwiro la mamita pafupifupi 800 pa sekondi, pomwe mu magnum chimayandikira 900. Phindu la liwiro limenelo limaoneka patali, kupitirira mamita 300, komwe chipolopolo cha magnum sichinagwe kwambiri ndipo mphepo sinachipotoze. Koma dzifunseni kuti gwape mudzamuombera pati. M'nkhalango zomwe ine ndayendamo, nyama imatulukira pa mamita 60, 80, ikatalika 150. Pamtunda umenewo .308 Winchester ya mu 1952, .270 Winchester ya mu 1925, .30-06 ya mu 1906 ngakhale 6.5 Creedmoor yatsopanoyi, zonse zimaboola mapapo n'kutulukira kwinaku. Gwape safa kawiri.

Zomwe wogulitsa m'sitolo sakuuzani msanga ndi mtengo womwe phewa lanu lidzalipire.

Tsiku loyamba kugwira magnum ndinachita kubwereka kwa mnzanga wina pamalo ophunzirira kuomba. Ndinagona chafufumimba, diso pafupi ndi galasi loonera, monga ndinazolowerera ndi .243. Nditakhethemula, mfuti inabwerera ngati bulu woponya mwendo, m'mphepete mwa galasi n'kundidula chikope cham'mwamba. Magazi chuchuchu pamalaya. Bala linapola sabata imodzi, koma chomwe chinatsala n'choipa kuposa chipsera: kwa miyezi ingapo, chala chikangoyandikira pokhethemulira, maso ankatsinzina okha, phewa n'kuthamangira kutsogolo mfuti isanalire. Zipolopolo zinkagwera pansi cha kumanja, ngakhale nditabwerera ku mfuti yanga yofatsa ija. Mnzangayo ndiye anandigwira. Ankandiikira mfuti ine nditayang'ana kumbali, nthawi zina n'kuisiya yopanda kanthu, ndipo pa ulendo wopanda kanthuwo mpope unkagwedezeka tonse tikuona. Yesani zimenezi musanatulutse ndalama. Mlenje wodzidzimuka amalasa m'mimba, ndipo gwape wolasidwa m'mimba amakafera kutali, inu mukufufuza madontho a magazi ndi tochi mpaka usiku.

Palinso zina. Magnum imafuna mpope wa mainchesi 24 kapena 26 kuti wonga wonsewo upse, ndiye mfuti imatalika ndi kulemera. Mukaisenza tsiku lonse m'mapiri a Highlands mudzaidziwa. Phokoso lake n'loboola makutu. Zipolopolo zake n'zodula, choncho munthu amaumira pophunzira, ndipo wosaphunzira salasa bwino. Mpope umathanso msanga. Ndiye pali nkhani ya ndiwo, yomwe kwa ife a kumudzi si yaing'ono: chipolopolo chothamanga kwambiri chikagunda fupa la mwendo wakutsogolo chapafupi, nyama yozungulira imasanduka phala lamagazi loyenera agalu. Kagwape ka roe n'kongofanana ndi mbuzi yaikulu ya pamsika wa Mbulumbuzi. Mukataya miyendo iwiri, mwatsala ndi chiyani?

Malamulo nawo sakukakamizani magnum. Ku England ndi Wales, Deer Act ya 1991 imafuna mfuti yosachepera .240 ndi mphamvu ya ma foot-pound 1,700 potuluka chipolopolo, kupatula pa timitundu tiwiri tating'ono, muntjac ndi Chinese water deer. Ku Scotland, pa agwape akuluakulu monga red deer, malire ndi ma foot-pound 1,750 ndi liwiro la mafiti 2,450 pa sekondi. .308 imadutsa malire onsewa mosavutikira. Apolisi ndiwo amapereka chiphaso cha mfuti, amalembapo mtundu wake, ndipo amafuna kudziwa malo omwe mwaloledwa kusakako. Maphunziro a DSC1 amathandiza kuti akuoneni kuti mukudziwa chomwe mukuchita.

Anzathu a ku America, yambani mwayang'ana mapepala anu, mfuti pambuyo. Wokhala popanda mapepala saloledwa n'komwe kugwira mfuti kapena chipolopolo, ndipo ndi mlandu waukulu. Wokhala pa visa yongocheza, yasukulu kapena yantchito ya kanthawi naye ndi woletsedwa, pokhapokha akhale ndi layisensi yosakira yomwe sinathe ntchito kapena chifukwa china chomwe lamulo linatchula. Kenako werengani malamulo a dera lanu. Ku Ohio, mwachitsanzo, mfuti yosakira agwape iyenera kukhala ya chigoba chowongoka monga .350 Legend kapena .45-70, moti .308 ndi magnum zonse zimatsala kunyumba. Ku Joni, Firearms Control Act ya 2000 imapereka chiphaso choyenereza kwa nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika; wa pasipoti yongodinda aiwale. Kumeneko nswala ndi ngoma za m'tchire la Limpopo zimagwa bwinobwino ndi .308 kapena .30-06.

Kodi magnum ilibe ntchito? Ili nayo. Wopita kukasaka elk ku Colorado kapena Montana, komwe nyama ndi yaikulu ngati ng'ombe yaing'ono ndipo imaima tsidya lina la chigwa, 7mm Remington Magnum ya mu 1962 kapena .300 ya mu 1963 imamuyenera, bola akhale woti waombapo mazanamazana osaphethira. Koma taonani a ku Sweden: akhala akugwetsa moose ndi 6.5x55 yawo ya m'ma 1890, yomwe ngakhale mwana wa sekondale angaipirire. Mfuti yoyamba isakhale yogulira ulendo womwe mwina mudzapita kamodzi m'moyo. Ndalama yotsalayo ikani pa galasi labwino, zotseka m'makutu ndi mabokosi a zipolopolo zophunzirira.

Pomaliza tchuthi chikakwana, mfuti itsekereni m'kabati yake yachitsulo konkuno. Kulowa nayo pa Chileka kumafuna chilolezo cha apolisi a kwathu, phiri la Chiradzulu ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017 zilango zake zimafika zaka 30 pa milandu ikuluikulu. Chaka chatha amalume anandifunsa ngati ndingawabweretsere ija yaphokoso kuti athane ndi afisi omwe akuwathera mbuzi. Ndinawagulira waya ndi misomali ku Limbe, tinamanga khola la m'mwamba.