Ndalama za malata zinathera pa tebulo

Mwana wa mchemwali wanga anabwera ku Joni ali ndi zaka 24. Ndinakamuchingamira ndine pa Park Station, atanyamula kachikwama kamodzi ndi kathumba ka ufa kamene mayi ake anamupatsira ku Ntcheu. Anapeza ntchito yoperekera zakudya mu lesitilanti ina. Anali mnyamata wodzisunga, wosamwa mowa, wosasuta fodya. Mwezi ukatha ankaika padera kangachepe, ndipo mtima wake unali pa chinthu chimodzi: kuchotsa udzu pa nyumba ya mayi ake n'kuikapo malata. Patapita chaka ndi miyezi ingapo, anali atasunga R8,000.

Tsiku lina anzake a kuntchito anamutengera ku kasino. Analowa ndi R300, anatuluka ndi R1,500. Usiku womwewo anandiimbira foni, mawu ake akuchita kunjenjemera ndi chimwemwe. "Amalume, blackjack si juga ngati ya makina aja. Ndi masamu. Munthu wanzeru akhoza kudyerapo."

Inenso pa zaka zimene ndakhala kuno ndinakhalapo pa matebulo amenewa, ndiye ndinadziwa kuti mawu akewo anali ndi choona pang'ono. Choona chapang'onocho n'chimene chimakola anthu ochenjera.

Masewerawa ndi osavuta kuwamva. Aliyense amapatsidwa makhadi awiri, ndipo cholinga ndi kuyandikira 21 kuposa wogawa makhadi, koma osapitirira. King, Queen ndi Jack amawerengedwa 10. Ace ndi 1 kapena 11, malinga ndi mmene zikukukomera. Ukapitirira 21, wapsa. Wogawa sachita zofuna mutu wake: akakhala ndi 16 kapena kutsikira m'munsi ayenera kutenga khadi lina, akafika 17 amaima. Poona zimenezi munthu amaganiza kuti onse awiri ali pa mpikisano wofanana. Koma phindu la kasino lagona pa kanthu kamodzi kamene ambiri sakalabadira: iwe ndiwe umayamba kusewera. Ukapsa, ndalama yako imatengedwa pompo, ngakhale wogawayo adzapse naye pambuyo pake.

Masamu a masewerawa anawerengedwa kalekale. Mu 1956, amuna anayi a m'gulu la asilikali a America, Roger Baldwin, Wilbert Cantey, Herbert Maisel ndi James McDermott, anafalitsa njira yoyenera kuseweretsa makhadi alionse amene munthu wagwira. Mu 1962, katswiri wa masamu Edward Thorp analemba buku lotchedwa Beat the Dealer, losonyeza mmene munthu angawerengere makhadi amene atuluka kale. Eni makasino sanagone. Anayamba kuphatikiza mapaketi asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, ndipo masiku ano matebulo ambiri ali ndi makina amene amasakaniza makhadi osalekeza, moti kuwerenga kuja kulibenso ntchito. Chatsala n'chakuti munthu wosewera mosalakwitsa n'komwe, pa tebulo la malamulo abwino, amaluza pafupifupi R1 pa R200 iliyonse imene wabetcha. Ndi kochepa, inde, koma n'kuluzabe. Luso limachepetsa liwiro limene ndalama imachokera m'thumba. Siliibwezera kumene yachokera.

Poona kuti mnyamatayo sindingamuletse ndi mawu okha, ndinati bola adziwe kusankha tebulo. Ndinamuuza kuti asanakoke mpando aziyamba wawerenga zolembedwa pa nsalu ya tebulolo. Munthu akalandira Ace ndi khadi la 10 pa makhadi awiri oyamba, imeneyo ndiye blackjack, ndipo tebulo labwino limalipira 3 pa 2: wabetcha R100, upatsidwa R150. Pali matebulo ena amene amalipira 6 pa 5, kutanthauza R120 yokha. Blackjack imabwera pafupifupi kamodzi pa magemu 21, choncho R30 imene ikusowayo imaunjikana mwakachetechete mpaka phindu la kasino kuwirikiza katatu kapena kupitirira apo. Tebulo lotero n'lolipitirira. Ndinamuuzanso kuti tebulo limene wogawa amaima pa 17 aliyense ndi labwino kuposa limene amatenganso khadi akakhala ndi 17 wokhala ndi Ace.

Ndinamusonyeza kachikwangwani ka pambali kamene kamanena ndalama yochepetsetsa ndi yochulukitsitsa yobetcha. Ngati zimene wabwera nazo sizikwana kubetcha maulendo makumi atatu kapena anayi, tebulolo si lako. Ndinamuuza kuti asathamangire tebulo lopanda anthu. Pa tebulo lodzaza mumaseweredwa magemu 50 kapena 60 pa ola, pamene ukakhala wekha ndi wogawa akhoza kufika 200, ndipo magemu akachuluka kasino imakudya msanga. Za inshuwalansi imene wogawa amakuitanira akaonetsa Ace, yobetcha kuti khadi lake lina likhala la 10, ndinamuletseratu. Imalipira 2 pa 1, pamene makhadi a 10 ndi anayi okha mwa mitundu 13, osakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo atatu. Ma Ace awiri ndi ma 8 awiri uziwalekanitsa nthawi zonse, ma 10 ndi ma 5 usawalekanitse.

Mnyamatayo anali ndi mutu wakuthwa, anazigwira zonsezi sabata imodzi. Chimene chimandipweteka mtima mpaka lero n'chakuti ndinamuphunzitsa kusankha tebulo ndisanamuphunzitse kudzukapo.

Mwezi wa Okutobala mmisiri wa kumudzi anawerengera zonse, malata, matabwa, misomali ndi ndalama ya ntchito yake, n'kupeza kuti pakuperewera ngati R2,000. Mvula inali itayandikira. Mnzake wina wa kuntchito anamunong'oneza njira imene anati siilephera: ukaluza, wirikiza kawiri, ukadzawina kamodzi kokha, zonse zabwerera n'kaphindu pamwamba.

Lachisanu la kumapeto kwa mwezi anandipempha kuti ndimuperekeze. Ndinkaganiza kuti watenga R300 yake ya masiku onse. Titafika pa tebulo anatulutsa envulopu m'jekete, ndipo ndinaizindikira. Inali envulopu ija imene analembapo ndi bolopeni kuti "Malata a mayi". Wogawa anayala mapepalawo pa nsalu, anawawerenga, anawalowetsa m'kabowo ka tebulo, n'kumukankhira timiyulu ta timapulasitiki tozungulira ta mitundumitundu. Apa m'pamene ndalama imasiya kuoneka ngati ndalama. Munthu amene sangataye R200 ya pepala amakankha kapulasitiki ka R500 ndi chala chimodzi, mtima uli m'malo.

"Mphwanga, tenga ndalama zako tizipita," ndinamugwira paphewa.

"Amalume, R2,000 yokha basi. Ikakwana tinyamuka."

Ola loyamba zinkayenda. Ankaluza, n'kuwirikiza, n'kubweza. Anafika pa R8,600, ndipo anandiyang'ana akumwetulira. Kenaka anayamba kudyedwa. R100 inapita. R200 inapita. R400, R800, R1,600. Panali pasanathe n'komwe mphindi khumi. Anakankha R3,200, dzanja likunjenjemera. Anapatsidwa 10 ndi 6, wogawa anaonetsa King. Amene amadziwa masewerawa akudziwa kuti palibe makhadi oipa kuposa amenewa: ukaima wadyedwa kawirikawiri, ukatenga wapsa kawirikawiri. Anagogoda nsalu ndi chala kupempha khadi. Linabwera la 9. Wogawa anakokolola timapulasitiki tonse tija osayang'ana n'komwe nkhope yake. Atamaliza ndi ena onse, wogawayo anapezeka ndi 15, anatenga 8, anapsa. Ena onse pa tebulopo analipidwa. Za mphwanga zinali zitapita kale.

Pa magemu asanu ndi limodzi anataya R6,300. Kuti njira ija ipitirire anafunika kubetcha R6,400, koma anatsala ndi R2,300 yokha, ndipo kachikwangwani kaja kanati malire ndi R5,000. Ngakhale akanakhala nazo, sakanaloledwa. Anakankha zonse zotsalazo. Anapeza 19. Wogawa anapeza 20.

Iye ankati linali tsoka, koma silinali tsoka. Mwa magemu 100, wosewera amawina pafupifupi 42, amaluza pafupifupi 49, otsalawo amafanana mphamvu ndi wogawa. Pa masamu otere, kuluza kasanu ndi kamodzi motsatizana si chachilendo kwa munthu wokhala pa tebulo maola angapo. Makhadi sakumbukira kuti wangoluza kumene, ndipo alibe nawe ngongole. Njira yowirikiza ija imakupatsa R100 kambirimbiri, kenaka tsiku limodzi n'kukulanda zonse. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tinakhala panja poimika magalimoto nthawi yaitali osalankhula. Mawu ake oyamba anandiopsa kuposa zonse zimene ndinaona m'katimo. "Amalume, mundibwerekeko R3,000, kapena ndikatenge kwa mashonisa. Ndikudziwa pamene ndinalakwitsa." Ndinakana. Katapila wa kuno, ngati wa kumudzi komwe, amakulanda mtendere ndi ziphaso zomwe. Kuluza koyamba kumapweteka, koma chimene chimagwetsa munthu m'dzenje ndi kuthamangitsa ndalama imene yapita.

Ntchito yovuta kwambiri inali ya m'mawa mwake, kuimbira mayi ake. Anawauza zoona, ine ndili pambali. Mchemwali wanga anangokhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Bola uli moyo, mwanawe. Tiyala pepala la pulasitiki pansi pa udzu ngati chaka chatha." Mnyamata wa zaka 25 analira ngati khanda.

Malamulo a juga a ku South Africa amalola munthu kupempha yekha kuti aletsedwe kulowa m'makasino, ndipo National Responsible Gambling Programme imapereka uphungu waulere kwa amene juga yawakola. Mphwanga anasaina mapepalawo sabata yotsatira. Anayambiranso kusunga, ndipo nyumba ija inafoleredwa patapita chaka china chathunthu. Mayi ake anagona dzinja lonse akusuntha mphasa kuthawa madontho.

Inu amene mukuwerenga, kaya muli ku Johannesburg, ku Lilongwe kapena ku London, ngati mwasankha kukasewera, sankhani tebulo la 3 pa 2, kanani inshuwalansi, betchani pang'ono, musamwe mowa muli pa tebulo, ndipo khadi la kubanki lisiyeni kunyumba. Tengani ndalama yokhayo imene mungaitaye osasowa tulo, muione ngati mtengo wa chisangalalo cha usiku umenewo, ndipo ikatha dzukani. Koma ndalama imene ili kale ndi dzina, ya lendi, ya fizi ya mwana, ya fetereza, ya malata a mayi, isafike n'komwe pa khomo la kasino. Wakutsina khutu ndi mnansi: ndalama ya thukuta lanu ipite kumene munaikonzera.