Maola 48: zimene tiyenera kudziwa mnzathu akagwidwa

Funso limene ndimalandira kwambiri pa ntchito yanga yodzipereka kuno ku Pretoria ndi lakuti: "Mchimwene wanga amugwira chifukwa cha mapepala, titani?" Kawirikawiri wofunsayo amakhala atadikira kale masiku atatu kapena anayi, akuopa kuti akakafunsa kupolisi nayenso amutsekera.

Kale, wogwidwa chifukwa cha mapepala ankatha kusungidwa masiku 30 osaonana ndi woweruza, ena mpaka kutumizidwa ku Lindela, ku Krugersdorp. Bungwe la Lawyers for Human Rights, lomwe si la boma ndipo lili ndi ofesi mumsewu wa Visagie mkati mwa tauni muno, linakasuma za nkhaniyi. Mu June 2017 khothi la Constitutional Court linagamula kuti munthu wotsekeredwa pofuna kumubweza kwawo azikaonekera yekha pamaso pa khothi pasanathe maola 48. Palibe mmodzi wa ife akanatha kulipira mlandu wotere. Bungwe ndi limene linatiyimira.

Koma maloya sangathandize munthu amene sakudziwa kuti wagwidwa. Apa ndi pamene timagulu tathu timafunika: a kutchalitchi, a kumzikiti, a chipereganyu, ngakhale gulu la pa WhatsApp la anthu okhala nyumba imodzi. Chaka chatha mnyamata wina wa m'gulu lathu anagwidwa akupita kuganyu m'mawa. Amayi ogulitsa zipatso pakona analemba nthawi yake n'kutiimbira foni. Pofika masana tinali titadziwa polisi imene anali, ndipo tinapita nacho chithunzi cha pemiti yake, chomwe anatitumizira kalekale. Pemitiyo inali yosatha, ndipo anatuluka mawa lake.

Choncho jambulani pemiti yanu lero, mutumize kwa anthu awiri amene mumawakhulupirira. Wina akagwidwa, lembani tsiku, nthawi ndi malo, dzina lake monga lilili papepala, ndi polisi imene apita naye. Dziwitsani maloya tsiku lomwelo. Musapereke ndalama kwa aliyense wolonjeza kuti "akonza", chifukwa ziphuphu ndi mlandu ndipo ndaona anthu akutaya ndalama ya lendi popanda chotulukapo.

Chinanso, ngati wogwidwayo samva bwino Chingerezi, anene msanga kuti akufuna womasulira, ndipo asasaine pepala limene sanalimvetse.