Kusamuka kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe

Kuyambira m'chaka cha 1891 likulu la boma la dziko lino linali ku Zomba, m'tsinde mwa phiri. Malaŵi atalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, boma linaganiza zomanga likulu latsopano ku Lilongwe, chifukwa malowo ali pakati pa dziko, ndiponso ndi otambasuka, osapanikizidwa ndi mapiri. Mu 1968 boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira ntchito yomangayo, ndipo mu Januwale 1975 Lilongwe anakhala likulu. Maofesi a maunduna anamangidwa pa Capital Hill. Nyumba ya Malamulo inatsalabe ku Zomba mpaka 1994.

M'zaka zimenezo makalaliki, amesenjala, otayipa makalata ndi antchito ena ambiri anasamuka pamodzi ndi mabanja awo. Ena anapatsidwa nyumba m'madera atsopano monga Area 18. Ulendowo unali wa makilomita pafupifupi 290, kudzera ku Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza. Munthu akaiŵala kanthu, kubwerera kuti akatenge kunali kovuta.

Kalaliki wina analandira kalata yomuuza kuti asamuke pakutha pa mwezi. Madzulo ake, banja lonse litadya, anauza mkazi wake za nkhaniyo.

"Mayi, kwatsala masabata anayi. Lole idzabwera kamodzi kokha, ndipo chimene tidzaiŵale chidzatsala konkuno."

"Ndamva, bambo. Nanga ana aŵa? Paja sukulu ili m'kati."

Funso la mayiwo linali lanzeru. Mwana wosamukira kusukulu ina amafunika kalata yochokera kwa mphunzitsi wamkulu, yonena dzina lake ndi kalasi imene ali. Popanda kalatayo mwana angathe kukhala pakhomo masabata angapo anzake akuphunzira, makamaka kumalo kumene kwafika ana ambiri nthaŵi imodzi. Choncho m'maŵa mwake bambowo anapita kusukulu kukapempha makalata a ana awo aŵiri. Anawo anabweza mabuku onse a sukulu. Makalatawo anaikidwa m'envulopu imodzi pamodzi ndi khadi la kusikelo la mwana wakhanda ndi buku la ku positi ofesi losungira ndalama. Envulopuyo sinaloŵe m'katundu ayi. Mayi anaisunga m'chikwama chawo cha m'manja.

Sabata yachiŵiri inali yosankha katundu. Pakhomo pamene anthu akhalapo zaka zambiri pamaunjikana zinthu zosayembekezeka: mabotolo, zitini, mipando yothyoka miyendo, nsapato zimene zinathina ana kalekale. Kulipira malo m'galimoto chifukwa cha mpando wothyoka n'kupusa ndithu. Zovala zothina anazipereka kwa achibale, ndipo zinyalala anazitentha kudzala. Ndiwo zamasamba zimene zinali kuseri kwa nyumba anasiyira mnansi wawo.

Inalinso nthaŵi yobweza zobwereka. Mayi anabweza sefa ndi lichero. Bambo anabweza pampu ya njinga, nakalipira ngongole yawo kugolosale. Munthu wochoka usiku osalipira ngongole amasiya mbiri yoipa, ndipo mbiri yotero imakafika kumene akupita iye asanafike.

Ntchito yaikulu inali kulongedza. Anayamba ndi zinthu zimene sizifunika tsiku ndi tsiku, monga zithunzi za pakhoma, mabuku ndi zovala za kutchalitchi. Mbale zadothi ndi matambula anazikulunga m'nyuzipepala zakale, chimodzichimodzi, kuti zisagundane. Mtsuko anauika m'dengu, nauzinga ndi udzu wouma. Mabuku anawagaŵa m'makatoni ang'onoang'ono, pakuti katoni yaikulu ikadzaza mabuku imang'ambika pansi ndipo palibe angainyamule. Mwana wamkulu, yemwe anali m'Sitandade 5, anapatsidwa ntchito yolemba pakatoni iliyonse zimene zinali m'kati, ndiponso yoŵerenga makatoni onse. Anapeza kuti analipo khumi ndi anayi, ndipo analemba chiŵerengerocho m'kope lake. Matumba a chimanga anawasoka bwino pakamwa. Parafini anamuika payekha, kutali ndi ufa, chifukwa ufa ukanunkha parafini nsima yake sidyeka.

Pomalizira pake mayi anakonza dengu limodzi limene analetsa aliyense kulikhudza. M'menemo anaikamo poto, mthiko, chipande, mbale zinayi, ufa pang'ono, mchere, usipa wouma, machesi, sopo ndi nyali. Pambali pake anaika mphasa ndi mabulangete. Zimenezi ndizo zinthu zofunika usiku woyamba panyumba yatsopano.

Usiku womaliza anagwira nkhuku zili m'khola. Nkhuku sigwirika masana, ndipo mabanja ena anachedwetsa galimoto pothamangitsa tambala m'chimanga cha eni. Anaziika m'dengu lalikulu loloŵa mpweya, namanga pamwamba.

Lole inafika m'mamaŵa. Zolemera zinayamba kukwera: kabati, mabedi, mtondo ndi matumba a chimanga. Makatoni anabwera pambuyo, mnyamata uja akuŵerenga imodziimodzi. Dengu la mayi ndi nkhuku zinakwera pomaliza, kufupi ndi chitseko, kuti zikayambe kutsika. Popeza inali nyengo ya dzinja, anafunditsa katundu yense ndi tenti, namanga zolimba ndi zingwe za khonje. Ana anasesa m'nyumba ndi pabwalo. Bambo anayendera zipinda zonse, nasuzumira kuseri kwa zitseko, kumene anapezako ambulera yapachikika pamsomali. Atatero anatseka nyumba ndi kupereka makiyi kwa woyang'anira nyumba za boma. Anansi anasonkhana kudzatsazikana nawo.

"Muyende bwino. Mukatilembere kalata mukakafika."

"Zikomo, tsalani bwino."

Anawoloka mtsinje wa Shire pa Liwonde dzuŵa litakwera. Atapitirira Ntcheu, pamene msewu umayenda m'malire a Malaŵi ndi Mozambique, kunagwa mvula yamphamvu, koma katundu sananyowe. Ku Lilongwe anafika kutada. Mayi anatsitsa dengu lawo, nayatsa nyali, ndipo posakhalitsa nsima inapsa. Panyumba yoyandikana nayo panafikanso banja lina tsiku lomwelo. Iwo anafunafuna machesi ndi mapoto m'makatoni osalembedwa mpaka anatopa, ndipo anadzabwereka moto ndi mthiko kwa anzawo aja.

M'maŵa mnyamata anaŵerenganso makatoni, napeza kuti onse khumi ndi anayi afika. Lolemba bambo anatenga envulopu ija, naperekeza ana awo aŵiri kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yatsopano.

Mafunso

1. Kodi Lilongwe anakhala likulu la dziko lino m'chaka chiti?
2. N'chifukwa chiyani mayi sanaike envulopu ija m'katundu?
3. Fotokozani chifukwa chake dengu la mayi linakwera pomaliza.
4. Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: longedza, funditsa, suzumira, tsazikana.