Phunziro: Nsomba ndi Ululu wa M'thupi Mwake

Akhristu okondedwa, makamaka inu a ku Makhanga, amene mukhala pafupi ndi pamene Ruo athira m'Shire: nsomba muzidziwa koposa ine. Koma kodi munayamba mwafunsa chifukwa chake nsomba zimafa m'thamanda madzi asanaphwe? Tiyeni tione.

Cholengedwa chikadya zakudya zomanga thupi, monga nyama kapena nyemba, m'thupi mwake mutsala zonyansa zokhala ndi naitrojeni. Yoyamba ya izo ndiyo amoniya, mpweya uja wotsamwitsa wa m'khola la nkhuku losasesa. Amoniya ndi ululu. Akachuluka m'magazi aononga ubongo. Mwa ife anthu chiwindi chimsandutsa yureya, amene saopsa kwambiri, ndipo impso zimtaya pamodzi ndi mkodzo. Mbalame zitaya zao mwa zoyera zija za m'chitosi.

Nsomba Mulungu anaipatsa njira yapafupi. Mlamba ndi makakana sizivutika kusandutsa amoniya. Zingomtulutsira m'madzi kudzera m'makha, ziwalo zofiira za m'mbali mwa mutu zimene nsomba ipumira. M'chaka cha 1929 Homer Smith, katswiri wa ku America, anaonetsa kuti nsomba za m'madzi opanda mchere zitaya naitrojeni wochuluka kudzera m'makha koposa kudzera m'impso. Mu Shire madzi ndi ambiri ndiponso ayenda, choncho ululuwo usungunuka nuchoka. Koma m'thamanda lotsalira chigumula chitapita, madzi achepa tsiku ndi tsiku pamene nsomba zili zambiri. Mpweya wabwino usowa, amoniya aunjikana, ndipo dzuwa la Okutobala likatenthetsa madzi, ukali wake ukula. Pamenepo nsomba ilephera kutaya zonyansa zake, nifa.

Koma taonani dowe, nsomba ya mapapo ya m'madambo mwathu. Madzi akaphwa ilowa m'matope, nidzikuta ndi mamina ake amene auma ngati thumba, nipuma mpweya kudzera pa kabowo. Miyezi yonse ya chilimwe ilibe madzi otayiramo amoniya. Nanga itani? Chiwindi chake chimsandutsa yureya monga mwa munthu, ndipo isunga yureyayo m'thupi kufikira mvula itagwa. Pamenepo imtaya m'madzi atsopano.

Inu amene mwakumba maiwe a nsomba, sungani malangizo awa:

1. Musaike nsomba zambiri m'dziwe laling'ono.
2. Musathire madeya oposa amene nsomba zitha kudya, pakuti otsala aola nabala amoniya.
3. Manyowa a ziweto athireni mwa muyeso.
4. M'nyengo yotentha chotsaniko madzi akale ndi kuthiramo atsopano. Akalewo musataye chabe: kathirireni ndiwo za kudimba, pakuti naitrojeni amene apha nsomba ndiye chakudya cha mbeu.

Akatekisiti, pophunzitsa ana za kulapa, mungathe kutengapo fanizo. Nsomba sichita manyazi kutaya ululu wake tsiku lililonse. Ikausunga, ifa nao. Chomwechonso chidani ndi tchimo zimene munthu abisa mumtima. Ndipo inu amene munataya nyumba ndi minda pa chigumula cha 2015 ndi pa namondwe Freddy wa 2023, kumbukirani dowe m'matope ouma: Iye amene anaikonzera njira yodikirira mvula sangaiwale inu ana ake.