Phunziro 17: Mawu a akulu akoma akagonera

Tiwerenge pamodzi.

Jimmy Carter anali pulezidenti wa dziko la America kuyambira 1977 mpaka 1981. Atachoka pampando sanakhale chete.

Mu 2003 boma la George W. Bush linkakonzeka kuthira nkhondo dziko la Iraq. Linati Iraq wabisa zida zopha anthu ambirimbiri nthawi imodzi. Akatswiri a bungwe la United Nations anali akufufuzabe zidazo. Carter analemba m'nyuzipepala ya New York Times kuti nkhondoyo si yachilungamo. Anati nkhondo ndi njira yomaliza, ndipo njira zamtendere zinali zisanathe.

Boma silinamvere. Nkhondo inayamba mu Malichi 2003. Zida zija sizinapezeke. Anthu zikwizikwi a ku Iraq anafa, ena ambiri anathawa kwawo. Asilikali a ku America oposa 4,000 anafanso.

Ena anamudzudzula Carter. Anati wosiya mpando asamatsutse amene wakhalapo. Anati kutsutsa boma pa nkhani ya nkhondo ndi kupatsa adani mphamvu.

Ife tikuti Carter anachita bwino. Zifukwa zathu ndi zitatu.

Choyamba, ankanena zimene anazidziwa ndi ntchito. Mu 1978 anaitana Anwar Sadat wa ku Egypt ndi Menachem Begin wa ku Israel kuti akambirane ku Camp David. Mayiko awo anali atamenyana kangapo. Anakambirana masiku 13. Mu 1979 mayiko awiriwa anasaina pangano la mtendere. Munthu wotere akanena kuti kukambirana kungathandize, sakulota.

Chachiwiri, dziko ndi la anthu onse. Amene amakafa kunkhondo ndi ana a alimi ndi a antchito. Wochenjeza kuti anawo asafe pachabe sakugulitsa dziko lake. Pabwalo la mudzi nkhalamba imalankhula ngakhale si mfumu. Mfumu yanzeru imatchera khutu.

Chachitatu, ife a ku Mozambique tinaziona tokha. Nkhondo ya pachiweniweni inatisautsa zaka 16. Midzi inapsa, masukulu anatsekedwa, minda inamera tchire. Ambiri a ife a ku Tete ndi ku Niassa tinathawira ku Malawi ndi ku Zambia. Mfuti sizinaithetse nkhondoyo. Inatha pa 4 Okutobala 1992 ku Rome, pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano. Zokambiranazo zinatenga zaka zoposa ziwiri. Kudikira kunali kowawa, koma anthu anabwerera kwawo, anagwiranso makasu. Mu 1999 Carter yemweyo anabwera kuno kudzaona mmene tikuponyera voti.

Anzathu ena afunsa: nanga nkhondo yathu ya ufulu? Inde, tinanyamula zida mu 1964. Tinatero chifukwa atsamunda Achipwitikizi anakana kukambirana za ufulu wathu. Pa Mueda mu 1960 anaombera anthu opempha ufulu opanda zida. Njira zina zonse zinali zitatsekedwa. Komabe nkhondo imeneyonso inathera pa kukambirana, ku Lusaka pa 7 Seputembala 1974. Za Iraq zinali zina. Njira inali yotseguka, koma amphamvu anafulumira.

Carter anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 100. Anakhala ndi moyo mpaka kuona kuti chenjezo lake linali loona. Koma akufa aja sanabwerere. N'chifukwa chake mawu a akulu tiziwamvera asanagonere.

Mawu a lero:
nkhondo, mtendere, pangano, kukambirana, chenjezo.

Mafunso okambirana m'gulu:
1. Carter anachenjeza boma lake za chiyani mu 2003?
2. Kodi zida zimene boma linanena zinapezeka?
3. Nkhondo ya pachiweniweni ya kuno inatha bwanji?
4. M'mudzi mwanu, ndani amayanjanitsa anthu akakangana za malire a munda?

Tilembe m'makope athu:
Kukambirana si mantha.
Pangano la mtendere linasainidwa pa 4 Okutobala 1992.