Timapayi ta Nkhuyu, Mtedza ndi Tchizi wa Buluu: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku aka talemba ife aphunzitsi a zophikaphika, ndipo tikulembera ophunzira athu komanso ophika a m'mahotela ndi m'malo ogona alendo. Nthawi zonse tikafika pa phunziro la timapayi ta nkhuyu, mafunso ochuluka sakhudza ufa kapena uvuni ayi. Amakhudza mizere ya buluu ya mu tchizi. Ena amakana kulawa, ena amatigwira pambali n'kutifunsa ngati tikufuna kudwalitsa anthu. Mantha amenewa ali ndi maziko, n'chifukwa chake tawayankha mwatsatanetsatane.

1. Kodi timapayi timeneti n'chiyani?

Ndi timapayi tating'ono tosavundikira pamwamba, todziwika ku France, ku Italy ndi ku Britain. Timaphatikiza kutsekemera kwa nkhuyu ndi uchi, mchere wa tchizi, ndi kukukutika kwa mtedza. Amatidya asanayambe chakudya chenicheni kapena pomalizira.

2. Timapangidwa bwanji?

Fikisani magalamu 100 a batala wozizira mu magalamu 200 a ufa wa tirigu, thirani kamchere ndi masupuni atatu a madzi ozizira, kandani pang'ono. Ikani mufuriji mphindi 30. Tambasulani, dulani tizidutswa tozungulira 12, ikani m'tizitini, boolani pansi ndi foloko, ndipo wotchani mphindi 10 pa madigiri 190. Kenako ikani magalamu 100 a tchizi wonyenyanyenya, nkhuyu 6 zodula, ndi mtedza wokazinga pang'ono. Bwezerani mu uvuni mphindi 12 mpaka 15. Uchi mudonthezere mutaphula.

3. Nkhuyu ndi mtedza wake ndi ziti?

Nkhuyu zake ndi za mtengo wolimidwa wotchedwa Ficus carica, umene dziko la Turkey limalima kuposa maiko onse. Ndi mbale wa mkuyu wathu wa m'mbali mwa mitsinje, koma zipatso zake n'zofewa komanso zotsekemera kwambiri. Zikasowa zaziwisi, viikani zouma m'madzi ofunda. Ku Ulaya amakonda mtedza wa walnut. Makadamiya, amene amalimidwa kwathu kuno m'maboma monga Thyolo ndi Ntchisi, amagwiranso ntchito bwino.

4. Kodi tchizi wa buluu ndi wowola?

Ayi. Mizere imene mukuionayo ndi chuku ndithu, sitikubisa, koma n'chuku chobzala dala. Dzina lake ndi Penicillium roqueforti. Opanga tchizi amachithira mu mkaka kapena m'zibuma za mkaka woundana, kenako amabaya tchiziyo ndi masingano aatali kuti mpweya ulowe. Chukucho chimamera motsata mabowowo ndi m'timing'alu ta m'kati. Pamene chikumera chimaphwanya mafuta ndi mapuloteni a mu mkaka, ndipo ndi zimene zimabweretsa fungo lamphamvu ndi kuyabwa pang'ono pa lilime.

Ntchito imeneyi ndi yakale ndipo ili ndi malamulo okhwima. Tchizi wa Roquefort amapangidwa ndi mkaka wa nkhosa ndipo amakhwimira m'mapanga a phiri la Combalou, m'mudzi wa Roquefort-sur-Soulzon kumwera kwa France. Mu 1925 anakhala tchizi woyamba wa m'dzikolo kutetezedwa dzina ndi lamulo, ndipo sagulitsidwa asanakwanitse miyezi itatu. Gorgonzola amachokera m'zigawo za Lombardy ndi Piedmont ku Italy. Stilton amaloledwa kupangidwa ku Derbyshire, Leicestershire ndi Nottinghamshire kokha ku England.

5. Koma alangizi a zaulimi amati chuku chimapha. Ndani akunena zoona?

Alangizi akunena zoona, ndipo musasiye kuwamvera. Chuku chimene chimagwira chimanga ndi mtedza zosauma bwino nthawi zambiri chimakhala cha mtundu wa Aspergillus flavus. Chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo angayambitse khansa. Munthu amene anakula akuona amayi ake akusankha mtedza wachuku n'kuutaya ali ndi chifukwa chabwino chokayikira tchizi wa mizere.

Nkhani ili pa mitundu. Chuku ndi bowa zili m'gulu limodzi la zamoyo, ndipo monga pali bowa wodyedwa ndi bowa wakupha, chuku nachonso chili cha mitundumitundu. Chimene chimabzalidwa mu tchizi n'chosankhidwa, sichitulutsa aflatoxin, ndipo anthu akhala akuchidya zaka mazana ambiri. Akatswiri amapezamo timankhwala tina timene chukuchi chimapanga, koma mlingo wake mu tchizi wopangidwa bwino umakhala wochepa moti saona kuti ungavulaze munthu wathanzi amene akudya mwachizolowezi.

6. Ndiye palibe choopa pa nkhani ya aflatoxin?

Chilipo, koma chili mu mtedza ndi mu nkhuyu zouma, zimenenso zingathe kugwidwa ndi Aspergillus zikasungidwa pachinyontho. Mukamagwiritsa ntchito mtedza wa kumunda m'malo mwa walnut, sankhani bwinobwino. Tayani wonyala, woboola, wosintha mtundu ndi wowawa. Ng'ambani nkhuyu youma iliyonse muone m'kati. Kutentha kwa uvuni sikuchotsa aflatoxin.

7. Thupi langa limadana ndi mankhwala a penisilini. Ndingadye?

Dzina la Penicillium limadzidzimutsa anthu ambiri. Mankhwala a penisilini, amene Alexander Fleming anawatulukira mu 1928, amachokera ku mtundu wina wa chuku cha m'banja lomwelo, osati wa mu tchizi. Anthu ambiri amene amadana ndi mankhwalawa amadya tchizi wa buluu popanda vuto. Komabe matupi amasiyana, ndipo ife si madokotala. Ngati munayamba mwatupa kapena kubanika mutamwa mankhwalawa, yambani mwafunsa kuchipatala. Ophika nonse, uzani mlendo aliyense kuti m'timapayimu muli mtedza, mkaka ndi tirigu, chifukwa zinthu zitatuzi zimadwalitsa anthu ena mwadzidzidzi.

8. Nanga amayi oyembekezera?

Apa m'pamene pafunika kusamala kwenikweni, ndipo wolakwa si chuku. Tchizi wofewa wa buluu amakhala wachinyezi, moti tizilombo totchedwa Listeria tingathe kuswanamo ngakhale ali mufuriji. Tizilomboti tingapititse padera kapena kudwalitsa khanda. Mliri wa matenda oyambitsidwa ndi tizilomboti ku South Africa mu 2017 ndi 2018, umene unachokera mu polony, unadwalitsa anthu oposa 1,000 ndipo oposa 200 anamwalira. Azaumoyo ku Britain amalangiza amayi oyembekezera kuti asadye tchizi wofewa wa buluu pokhapokha ataphikidwa mpaka kufuka nthunzi. Okalamba ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chinatsika achite chimodzimodzi.

9. Popeza timapayiti timalowa mu uvuni, ndiye kuti aliyense angadye?

Ngati tchizi wasungunuka n'kutentha mpaka m'kati, chiopsezo chimachepa kwambiri. Sitinganene kuti chimatheratu, chifukwa mauvuni amasiyana. Ophika ena amawaza tchizi wosaphika pamwamba ataphula kuti tioneke bwino. Musatero pamene simukudziwa amene akadye.

10. Tchizi amene ali kale ndi chuku ndingamudziwe bwanji kuti wawonongeka?

Funso limeneli timalilandira kawirikawiri, ndipo n'lanzeru. Tchizi wabwino amakhala woyera kapena wachikasu pang'ono, mizere yake ndi ya buluu kapena yobiriwira, ndipo ili m'kati. Mutayeni mukaona izi: ubweya wotuwa kapena wakuda pamwamba, mawanga apinki kapena achikasu chakuda, kuterera mukamugwira, kapena fungo lolasa m'mphuno ngati la mkodzo wogonetsa. Musadule mbali yoipayo n'kugwiritsa ntchito yotsala, chifukwa mu tchizi wofewa zoipa zimalowerera kupitirira pamene maso akuona.

11. Magetsi anazima usiku wonse. Ndimutaye?

Tchizi ameneyu amafuna kuzizira kosapitirira madigiri 5. Furiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira maola pafupifupi anayi. Ngati magetsi azima nthawi yaitali kuposa pamenepo, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ife timalangiza kutaya. Tikudziwa kuti n'zopweteka, koma mlendo akadwala mudzataya zambiri.

12. Kodi si chakudya chodula?

N'chodula ndithu, pakuti tchizi ndi nkhuyu nthawi zambiri zimachokera kunja. Sitingatchule mtengo chifukwa umasintha malinga ndi sitolo, nyengo ndi mphamvu ya kwacha. Chotonthoza n'chakuti magalamu 100 amakwanira timapayi 12. Tchizi wa Danablu wa ku Denmark kapena wopangidwa ku South Africa kawirikawiri amatsikirako mtengo poyerekeza ndi Roquefort. Gulani wochepa, ndipo mukatsegula mumalize m'sabata imodzi.

13. Mlendo wabweza mbale, akuti tchizi ndi wowola. Ndimuyankhe chiyani?

Musakangane naye ndipo musamuseke. Yambani mwayang'ana tchiziyo monga tafotokozera pa funso 10, chifukwa mwina mlendoyo akunena zoona. Ngati ali bwino, fotokozani mwaulemu kuti mizereyo ndi mmene tchizi ameneyu amapangidwira, kenako mupatseni mwayi wosankha china. Timapayiti timakomanso ndi tchizi wa mkaka wa mbuzi kapena feta. Kwa amene akulawa koyamba, Gorgonzola dolce ndi wosalasa kwambiri.

14. Mukutitsimikizira kuti chuku chimenechi sichingatidwalitse?

Palibe chakudya chimene munthu angalonjeze kuti sichingadwalitse aliyense. Chimene tingakutsimikizireni n'chakuti, kwa munthu wathanzi, mizere ya buluu si imene muyenera kuiopa. Yang'anani tsiku lolembedwa pa paketi, sungani tchizi pozizira, sankhani mtedza ndi nkhuyu zouma, wotchani mpaka tchizi atenthe m'kati, ndipo funsani mlendo ngati ali woyembekezera kapena ali ndi chakudya chimene thupi lake limakana. Ngati muli ndi funso limene sitinayankhe, bweretsani ku kalasi, ndipo tidzaliwonjezera posindikizanso kabukuka.